Duwa la Nyika

Sindinauze munthu. Inaulula ndi bulauzi
tsiku lomwe ndinawerama pa mjigo wa kwa Tengani,
dzuwa la Okutobala litatenthetsa chitsulo chopopera,
nsalu n'kukwera pang'ono, zala ziwiri basi.
Mai a Fulukiya anasiya kupopa.
Madzi anaduka ndowa yanga isanafike ndi pakati pomwe.

Pofika madzulo nkhani inali itakwera kabaza,
yadutsa pa Phokera, yatsika pa Bangula:
akuti Ntsayi wabwerako ku Limbe ndi chidindo,
chidindo cha pamwamba pa matako,
ngati ng'ombe yopita ku msika wa Ngabu,
akuti amuna amawerengera pamenepo mtengo wake.
Wina anati ndi njoka.
Wina anati ndi dzina la mwamuna wa mwini.
Mlaliki wa pa siteji anati ndi nambala ya chilombo,
iye amene sanaonepo ndi kadontho komwe.

Ndi duwa la nyika, anthuni,
lomwe lija la m'dambo la Ndinde.
Chaka cha njala, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu,
ndinkamira mpaka m'khosi kuzula nyika m'matope,
diso limodzi lili pamadzi kuopa ng'ona.
Tinkadya zapansi zakudazo,
duwa n'kulitaya, lizipita ndi madzi.
Mimba yolira siifunsa ngati chinthu n'chokongola.
Nditalandira malipiro oyamba a kusoka mayunifolomu
ndinapita kwa mnyamata wa singano yolira ngati udzudzu
n'kumuuza: undibwezere duwa lija.

Akuti bwanji pamenepo, osati pamkono?
Chifukwa m'pamene thupi langa limakhota mondisangalatsa.
Sindibisa ayi.
Dzanja likafika pamenepo usiku
ndimasungunuka ngati phula padzuwa,
koma dzanjalo ndimasankha ndine,
ndipo yakwana miyezi isanu ndi iwiri
ndisanasankhe lililonse.

Madzi atasefukira mu Malichi
tonse tinakagona m'kalasi imodzi, ochimwa ndi oyera,
tikusamba kuseri kwa masaka, atatuatatu, sopo mmodzi.
Kumeneko ndinaona mimba ya Mai a Fulukiya:
mphini mizeremizere, kuchokera pamchombo kutsikira m'ntchafu,
ngati munda wa mapira wolimidwa ndi munthu wosamala,
m'chiuno mikanda yofiira yosuluka.
Anaona kuti ndaona.

"Izi n'zamwambo," anatero, akukoka chitenje chonyowa.
"Anatitema ndi lumo tili atsikana,
kuti abambo kunyumba azipeza pogwira."
Ndinafunsa: nanga inu munkafuna?
Anatunga madzi n'kudzithira pamutu.
Mwina sopo analowa m'maso,
chifukwa anatsinzina nthawi yaitali.

Kenaka anati, "Tembenuka ndikutsuke kumsana."
Chinkhupule chinatsika kuchokera m'mapewa,
chinafika pamenepo, chinakhula mwamphamvu,
chinakhulanso,
kenaka chinaleka, panatsala chala.
Chinayenda m'mbali mwa duwalo pang'onopang'ono
monga amachitira munthu wosadziwa kuwerenga
akapatsidwa kalata ya mwana wake.
"Koma ndi nyikadi," anatero motsitsa mawu.
"Ine inandithera zikhadabo imeneyi."

Madzi anaphwera. Tinabwerera kukafukula mbale m'mchenga.
Pa mjigo amandiyankha moni ndi mphuno
ngati pali azimayi anzawo a mvano.
Anyamata a kabaza akadali kuliza mabelu ndikamadutsa,
wina anandilonjeza ulendo waulere mpaka ku Marka
ndikangomuonetsa.
Ndinamulipira ndalama yake yonse, n'kutsikira panjira.

Chodabwitsa n'chakuti boma lonse la Nsanje likulidziwa duwali
kuposa mwini wake.
Ine ndimaliona Lamlungu lokha, chitseko chitatsekedwa,
ndi magalasi awiri, lina long'aluka pakona,
khosi litapindika mpaka kuwawa.
Limakhala lili pomwepo, lotambasuka,
pamwamba pa madzi,
lopanda wolizula.